Annie Anasankha Wautali

Annie Shawa anabereka mwana wake woyamba m'nyengo yozizira ya chaka cha 1996. Mwanayo anali wamkulu thupi, ndipo anatuluka movuta kwambiri, moti anamwino anachita kusoka mayi wake. Anamutcha Beauty. Kuyambira pamenepo dzina loti Annie linazilala m'komboni yonse ya Nabvutika, ku Chipata. Apongozi ake a Dolika, amayi a kutchalitchi, ngakhale mwamuna wake Jairos Miti, yemwe anali kalaliki pa sitolo ya zipangizo za ulimi m'tauni, onse ankangoti amake Beauty.

Komatu dzinalo linali lomveka kale. Annie anakulira ku Chiparamba, kumene bambo ake ankaphunzitsa. Kusambira anaphunzirira pa damu lomwetsapo ng'ombe, akulimbana ndi alongo ake. Ali ku sekondale, atsikana onse a chigawo cha Kum'mawa pothamanga ankangomuona kumsana. Chaka china anamuitana ku Lusaka, koma bambo ake anakana, nati mwana wa mphunzitsi ayambe wamaliza sukulu. Anamalizadi, nakhala mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'Chipata momwemo, nakwatiwa.

Mwana atatuluka m'chikuta, kunabwera a Alfonsi Soko kudzamuona. Amenewa ndiwo ankaphunzitsa Annie kuthamanga ku sekondale kuja, ndipo ndi okhawo amene ankamutchulabe dzina lake.

"Ndaona zinthu ku Harare, Annie," anatero akupemerera tiyi. "Ndinaperekeza ana a sukulu kumeneko. Anthu amalowa m'madzi, kusambira. Potuluka, osapuma, njinga. Potsika panjinga, liwiro. Zonsezo mpikisano umodzi. Eni ake amati trayathiloni. Akazinso analipo. Ndinawayang'ana bwinobwino, panalibe ndi mmodzi yemwe akanakupitirira masiku ako aja."

A Dolika, omwe anali atafukata mdzukulu wawo, anaseka. "Mwanena bwino, aphunzitsi. Masiku ake aja. Lero ndi mayi."

"Umachitika liti?" Annie anafunsa.

A Soko anafotokoza kuti mipikisano yake anamva iwiri. Wa ku Harare ndi waufupi: njinga yake ili ngati kuchoka pa Chipata kukafika ku Mtenguleni, kuthamanga kwake ngati kungozungulira tauni. Wina uli ku Durban, poti tsopano njira ya ku Joni inatseguka.

"Koma umenewo ndi wa amisala," anatero. "Umasambira m'nyanja ya mchere mpaka mikono kufa. Kenaka upalase ngati kuchoka kuno kukafika ku Petauke. Ukatero uthamange ngati kuchoka kuno mpaka ku Mtenguleni. Kuyamba m'bandakucha, kumaliza dzuwa litalowa. Iwe ukafuna, wa ku Harare ndikhoza kukuyankhulira kwa anzanga. Koma uyambe wachira."

Nkhaniyo sinamuchoke m'mutu Annie. Ankaiganizira akuchapa matewera, ankaiganizira mwana ali kubere. Ankaika mipikisano iwiriyo pambali ndi pambali ngati nsalu za pamsika. Waufupiwo ankadziwa kuti akhoza kuumaliza. N'chimene sankaufunira. Akadzabwerako anthu adzati zikomo, mwasewera, tsopano khalani pansi mulere mwana. Wautaliwo unkamuchititsa mantha, ndipo chiberekereni chinthu chimenechi chinali choyamba kumugunditsa mtima chifukwa cha iye mwini, osati chifukwa cha mwana.

Tsiku lina Lamulungu, akuchokera kutchalitchi, anamuuza mwamuna wake.

"Bambo a Beauty, ndasankha."

"Mwasankha chiyani?"

"Wa ku Durban uja. Wautali."

Jairos anatembenuka n'kumuyang'ana. Anali munthu wofatsa, woimba besi m'kwaya, ndipo anayamba kumukonda Annie atamuona akuthamanga pabwalo la masewera.

"Bwanji osayamba ndi waufupi, amake Beauty?"

"Bambo anga anati yamba sukulu. Amayi anu akuti yamba mwana. A Soko akuti yamba kuchira. Inunso mukuti ndiyambe china?"

M'mawa mwake Jairos anapopa matayala a njinga yake, naitsamiritsa pakhonde, iye n'kupita kuntchito wapansi. Kuyambira pamenepo ankayenda wapansi tsiku lililonse.

A Soko atamva anapukusa mutu, komabe anamupangira dongosolo. Annie ankayamwitsa kukamacha, n'kusiya mwana kwa apongozi, n'kupalasa msewu wa ku Chiparamba. Njingayo inali yakuda, yolemera, ya keliyala kumbuyo, yoyenera kunyamulira matumba a chimanga. Pamitunda ankachita kuimirira. Loweruka ankapita ku damu lina kuseri kwa mapiri, atavala kabudula wa mwamuna wake ndi sikipa. Amayi ochapa m'mbali mwa damulo ankasiya zovala m'manja n'kumamuyang'ana akupita tsidya lina ndi kubwerera. Wina anamukuwira kuti madzi amenewo ali ndi likodzo. Annie anangogwedeza mutu n'kumiranso.

M'madzi ndi panjinga zinkayenda. Vuto linali kuthamanga.

Tsiku loyamba lomwe anayesa, asanafike n'komwe pamsewu wa tala, anamva kutentha kukutsika m'miyendo. Anaima. Unali mkodzo, wotuluka wokha. Anabwerera kunyumba atazimangira juzi m'chiuno. Anadziuza kuti ndi za uchembere, zitha. Anang'amba thewera lakale la Beauty n'kumaikirira. Miyezi inapita, koma sizinathe. Kunabweranso china, kulemera m'munsi mwa mimba, ngati wina wapachikamo mwala ndi chingwe. M'mawa kunkapepuka, madzulo kunkakoka.

Sanauze aliyense. A Soko akamufunsa chifukwa chake liwiro silikubwera, ankati ndi tulo.

Amayi abusa anabwera tsiku lina masana, nakhala ndi a Dolika pamphasa nthawi yaitali. Atachoka, a Dolika anamuitana.

"Amake Beauty, akuti mukusambira ndi kabudula pamaso pa amuna. Ine ndawayankha kuti mwini wake analola. Zimenezo si zanga. Changa ndi ichi: ndimaona nsanza zimene mumayanika kuseri kwa bafa. Ndinaberekapo ine. Pitani kuchipatala."

"Ndili bwino, amayi."

"Munthu amene ali bwino sakhala pampando ngati wakhalira minga."

Annie sanapite. Ankadziwa chimene akamuuze, ndipo ankaganiza kuti akangodziwonetsa yekha kuti mtunda wa njinga uja akhoza kuukwanitsa, zinazo zidzapeza njira.

Anasankha Loweruka lina mu Febuluwale, mwambo wa Ncwala wa ku Mtenguleni uli pafupi. Kupita ku Katete ndi kubwerako kunali pafupifupi mtunda womwewo wa ku Durban. A Soko anati nthawi yoyesa zimenezo sinakwane, adikire. Iye anati wamva. Anaphikira mwana phala, namuyamwitsa mpaka kugona, namanga botolo la madzi ndi mbatata zophika pakeliyala, n'kunyamuka.

Popita zinali zokoma. Chimanga chinali chitamasula m'minda, mpweya uli wozizira. Pa Mtenguleni anadutsa amuna akumanga misasa ya alendo a mwambo, ena akuyesera magule, ndipo anamuimbira mluzu. Anaseka yekha. Kwa nthawi yoyamba chiberekereni anamva kuti miyendo ndi yake. Anafika pa Katete dzuwa lili pamutu, nadya mbatata zake pansi pa mtengo wa mango, natembenuza njinga.

Pobwerera mphepo inali kumaso. Mabere anadzaza mpaka kuuma gwa, mkaka ukudontha m'sikipa. Mwala uja unayamba kukoka, ndipo chishalo cha njinga chinasanduka mpeni. Anayesa kupalasa choimirira, ululu unakula. Anayesa kukhala cham'mbali. Mitunda imene m'mawa sanaione n'komwe inali itamera paliponse. Anatsika n'kumakankha, nakweranso, natsikanso.

Atayandikira Mtenguleni anapatukira patchire kuti adzithandize, ndipo atanjuta anaona magazi. Anagwira ndi dzanja, napeza chinthu chimene sichinayenera kukhala pamenepo. Anakhala pansi pa udzu wonyowa, njinga itagwa pambali, gudumu likuzungulirabe.

Amene anamupeza anali mayi wina wosenza nkhuni. Sanafunse zambiri. Anavula chitenje chake chapamwamba n'kumufunditsa, nakaima pakati pa msewu mpaka lole ya makala itaima. Annie anabwerera ku Chipata atagona pamatumba, njinga itamangidwa kumapazi kwake.

Kuchipatala anamulandira ndi a Magalita, namwino wachikulire yemwe anamubereketsa. Atamupima anasamba m'manja, nakoka mpando, nakhala pafupi.

"Chiberekero chatsika, mwanawe. Minofu imene imachigwira inang'ambika pobereka paja. Inkafunika kupuma. Unayamba liti kumva kulemera?"

"Kalekale."

"Nanga osabwera bwanji?"

Annie anayang'ana kudenga. "Chingabwerere?"

"Tichikankhira m'malo mwake, tikuikira kamphete kochigwira. Uziyenda, uzigwira ntchito zopepuka. Opareshoni iliko, dokotala wake amachokera ku Lusaka mwa apo ndi apo, koma amachita kwa amene anamaliza kubereka. Iwe uli ndi mmodzi."

"Nanga kuthamanga?"

"Ngakhale kuthamangira kukakwera basi kumene ndikuti ayi."

"Uliponso wina waufupi," anatero Annie, mawu ali pansi. "Ku Harare. Kuthamanga kwake n'kochepa."

A Magalita anamugwira dzanja. "Mwina ukanabwera msanga, tikanaona. Sindikudziwa. Koma lero usandifunse za Harare."

Jairos anabwera atavalabe malaya a kuntchito. Sanakalipe. Anaima kumapazi kwa bedi akupotokola chipewa m'manja.

"Mwana wakana phala tsiku lonse," anatero. "Walira mpaka mawu kutha. Amayi anamuyika kubere lawo louma kuti angotonthola." Kenaka anafunsa, "Amake Beauty, mukanafera patchire paja, ndikanamuuza chiyani akadzakula?"

Annie anafuna kunena kuti popita zinali bwino, kuti anafika pa Katete. Koma anaona kuti palibe amene nkhani imeneyo ingamuthandize, ndipo anatembenukira kukhoma.

Atatuluka m'chipatala anapeza a Dolika atachapa zovala zake zonse za tsiku lija. Sananene kuti ndinakuuzani. Ankamuletsa kusenza ndowa, kusinja, ngakhale kubereka mwana kumsana nthawi yaitali, ndipo ntchito zonsezo ankagwira okha ndi msana wawo wokalamba. Chifundo chimenecho chinkamuwawa Annie kuposa chipongwe.

A Soko anabwera patapita milungu ingapo. Anakhala pakhonde akukamba za mvula, za mitengo ya feteleza, za mwana wa sukulu wina amene anali ndi miyendo yabwino. Potsanzika anati, "M'madzi muja thupi limapepuka, Annie. Kusambira kokha sangakuletse. Mwina chaka chamawa tingamve za mpikisano wa kusambira."

"Kuti, aphunzitsi? Pa damu la likodzo lija?"

A Soko anakanda mutu.

"Musadzandibweretserenso nkhani za mipikisano," anatero Annie. "Mukabwera, muzidzaona mwana."

Anabwera kawiri kapena katatu, kenaka anasiya.

Kusukulu anapempha kuti amuchotse pa zamasewera. Poyamba anayesa kuphunzitsa ataima pambali ndi wezulo, koma ana ankati, "Tionetseni, aphunzitsi," iye n'kulephera kuwaonetsa. Anamupatsa kalasi ya ana oyamba kumene. Mwezi wa mpikisano wa ku Durban unafika n'kudutsa. Sanamve kuti unayenda bwanji, ndipo m'Chipata monse munalibe woti n'kumufunsa.

Chaka chotsatira, mvula itayambanso, anapita ndi Beauty kusikelo. Mwanayo anali atayamba kuyenda, wonenepa, wamiyendo yolimba. Pobwerera, ali pabwalo lalikulu lopanda mtengo pakati pa chipatala ndi msika, kumwamba kunada mwadzidzidzi. Mphepo inaulutsa mapepala, madontho akuluakulu n'kuyamba kumenya fumbi. Amayi anzake anakwezera zitenje m'mawondo nathamangira kukhonde la sitolo, ana akudumphadumpha kumisana. Ngakhale mayi wina wonenepa kwambiri, wogulitsa tomato, anathamanga beseni lili pamutu.

"Thamangani, amake Beauty! Munyowetsa mwana!" anakuwa ali pakhonde.

Annie anayang'ana mtunda wotsalawo. Unali waufupi kwambiri. Anamasula chitenje, nabweretsa mwana kutsogolo, namufunditsa mutu, n'kupitiriza kuyenda pang'onopang'ono monga anamuuzira a Magalita. Mvula inamupeza pakati pa bwalo, yamphamvu, yozizira. Beauty anasuzumira kunja kwa chitenje, natambasula kadzanja kuti agwire madzi, n'kuyamba kuseka.

Anafika pakhonde atanyoweratu. Amayi aja anasendera kuti amupatse malo.

"Inu si paja munkathamanga?" anafunsa mmodzi.

"Kale," anatero Annie, akupukuta mwana kumaso.