Mpando wa Beatrice mu Komiti ya Madzi

Mipopi ya ku Kabwata itatha milungu isanu ili youma, amayi a pamsika anagwirizana zoti Lachisanu agube kupita m'tauni atasenza zidebe zopanda kanthu. Anasankha Beatrice Tembo, wogulitsa tinsomba ta kapenta, kuti awatsogolere.

Lachitatu m'mawa foni yake inalira. Bambo wina wolankhula mofatsa, a Lombe a ku ofesi ina ya boma, anamupempha kuti apite akacheze. Beatrice anavala majuzi awiri poganiza kuti mwina akagona m'chitokosi. Anakwera minibasi yopita ku Cairo Road.

Ku ofesiko kunalibe wapolisi. Anamulandira ndi tiyi wamkaka ndi masikono. A Lombe anamumvetsera ola lathunthu, akulemba zonse, ngakhale za ana amene ankatsekula m'mimba. Kenako anati kuyambira mawa lake kuzibwera malole awiri a madzi, komanso kuti akukhazikitsa komiti yoona za vutoli, ndipo mpando umodzi ndi wake.

"Sitikulesani kuyenda, ba Beatrice," anatero. "Koma muntu wa mu komiti angayende bwanji mumseu na chidebe?"

A Lombe akanamukalipira, Beatrice akanadziwa choyankha. Anangopempha tsiku limodzi loti aganize.

Anamubweza pa galimoto ya boma. Beatrice anapempha kuti amutsitse patali ndi msika, komabe Mpundu, mnzake wogulitsa tomato, anamuona. Lachinayi malole aja anafikadi, ndipo ali pamzere wotunga madzi Mpundu anamufunsa anthu onse akumva.

"Banakupasani chani kuja?"

Beatrice anafotokoza zonse, mpaka masikono. Ena anati zimene ankafuna zatheka, ena anangoyang'ana kumbali.

Lachisanu anabwera amayi khumi ndi mmodzi okha mwa oposa zana amene anagwirizana zoguba. Anaima pageti la msika mpaka dzuwa linatentha, kenako anauza Beatrice kuti angolandira mpandowo, mwina akawalankhulira ali mkati.

Beatrice anaulandira mpandowo, ndipo komitiyo inakumana kawiri ku Woodlands, m'chipinda chozizira bwino. Sabata yachitatu lole inabwera imodzi, yachinayi sinaoneke. A Lombe ankayankhabe foni mwaulemu, n'kumuuza kuti lipoti latsala pang'ono. Beatrice analemba uthenga woitanira amayi ku msonkhano wina, nauwerenga katatu, koma dzina loti ayambe kulitumizira sanalipeze.