Funso Limodzi, Kenako Tsekani Pakamwa

Ine Lukiya pakamwa ndili napo, ku Domasi kuno ndani sadziwa? Ndiye Mulungu anandisankhira mayeso ondiyenera.

Amuna anga a Harun anagwa pa njinga yamoto ku Naisi atanyamula mpunga, n'kumenyetsa mutu pamsewu. Mabala anapola, koma mawu anayamba kuchedwa. Ukawafunsa kanthu ankangokuyang'ana, ine n'kuwayankhira ndekha, mtima uli phuliphuli.

Anandiwongola ndi a Iness, amayi a Mvano oyandikana nawo nyumba. Mwana wawo wamkazi chibadwire sayang'ana munthu kumaso, ndipo phokoso limamuzunguza.

"Anzanga, nzeru zilimo mwa bambowa," anatero. "Ubongo uliwonse uli ndi kayendedwe kake. Funso limodzi, kenako tsekani pakamwa."

"Ineyo kutseka pakamwa?"

"Inuyo! Simufa ayi."

Sindinafedi. Ndinapeza kuti yankho limabwera, kungoti limayenda wapansi. A Iness inu, Mulungu akudalitseni, ndikunena pamtunda pomwe pano.

Mvula ili pafupi, amalume anga a Alaudin anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse. Akuti mkamwini wosagwira khasu abwerere kwawo ku Malosa, abale ake akamusamale. Tinakhala pakhonde, a Harun ali pambali panga.

"Achimwene, mukutimva? Mupita kwanu? Kapena tikuperekezeni Loweruka?" Amalume anawawunjikira mafunso ngati akuthira chimanga m'chigayo. Kenako anatembenukira kwa ankhoswe. "Mwaona? Palibepo munthu apa."

Aaa! Ulemu wonse unandithawa.

"Amalume, mwafunsa atatu, mwadziyankha nokha. Tsopano khalani chete!"

Mayi anga anagwira pakamwa. Ine ndinagwada, n'kuwayang'ana amuna anga.

"Bambo a Husna, mukufuna kukhala kuti?"

Zii. Nkhuku inadutsa pabwalo. Amalume anatsokomola, ine n'kuwaponyera diso. A Harun thukuta linali kamukamu pamphumi. Ndinkaopa, ndisaname. Yankho linali pa lilime langa, koma ndinaliluma.

"Ku... kwathu," anatero.

Ndinati basi, asankha ku Malosa. Amalume anayamba kudzuka.

"Dikirani!" ndinakuwa.

A Harun anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, n'kumenya pansi pakhonde lomwe anazira okha chaka chomwe tinakwatirana.

"Kwathu... ndi pano."

Amalume anakhalanso pansi. Kenako anandiuza kuti ndibweretse mbewu yanga, munda wakumtunda adzatithandiza kubzala iwowo.