Mkono wa Alamu

Tsiku lachinayi chigonekedwere m'chipatala, bambo anapempha kuti pabwere munthu adzachotse mkono umene unali pabedi pawo.

Akazi awo anali akupukuta kapu ya tiyi. Anayang'ana pabedipo n'kuona pilo, bulangete, ndi amuna awo, mmisiri wa mipando ya sofa amene sitiroko inawagwetsa m'shedi mwawo hamala ili m'manja. Mkono unalipodi, wakumanzere, uli gone pabulangete monga unakhalira masiku anayi onsewo.

"Mkono uti, bambo?"

"Uwu wandigonera apawu. Anamwino asokoneza. Ndi wa achimwene."

Mayi anaseka, poti amuna awo anali munthu wanthabwala, ndipo anaganiza kuti kuchira kwayamba. Koma bambo sanaseke nawo. Achimwene awowo anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo mayi anaona ndi maso awo bokosi likutsekedwa, mikono yonse iwiri ili momwemo.

"Ngati mukuti ndikunama, taonani chala chachikulucho," anatero bambo.

Mayi ananyamula dzanjalo. Linali lolemera, lozizira. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chakuda bii, chong'aluka pakati, ndipo chikhadabo chotere mayi ankachidziwa. Zaka makumi atatu abale awiriwa ankagwira ntchito pampando umodzi: wamkulu kukoka nsalu kuti ithine, wamng'ono kukhoma timisomali. Hamala ikaphonya inkagwera pachala cha wamkulu, moti chikhadabo chake sichinayerepo mpaka kumanda. Wamkulu atapita, wamng'ono anayamba kudzikokera yekha nsalu ndi dzanja lamanzere, ndipo hamala yomweyo inayamba kugwera pachala chake. Nkhani yake inali yomweyo basi, mayi ankaidziwa bwino. Komabe analibweza dzanjalo pabulangete mofulumira kuposa mmene analinyamulira.

Dokotala wa mafizo, wothandiza odwala kudzutsa ziwalo, anali mzimayi wamfupi, wolankhula mothamanga ngati basi ikumusiya. Anawatengera mayi pakhonde la wodi n'kuwakhazika pabenchi.

"Mkonowo ulibe vuto, mayi. Mafupa ali bwino, minofu ili bwino. Vuto lili kuno." Anadzigogoda mutu chakumanja. "Mbali ino ya ubongo ndiyo imayang'anira thupi lakumanzere. Muli timaselo tambirimbiri timene timapatsirana uthenga, aka kuuza aka, aka kuuza ako, mpaka uthengawo utsike mumsana ukafike kuchala. Chala nacho chimabweza mawu, kuti ndili pano, ndafunda, ndagwira kanthu. Magazi atatsekeka, tina mwa timaselo timeneti tinafa. Ndiye maso akuuona mkono, koma m'mutu simukufika mawu ake. Ubongo sukonda kukhala wopanda yankho, ukasowa umangopeka."

"Ndiye kuti amuna anga apenga?"

"Ayi, sanapenge, komanso sakunama. Kwa iwo zili choncho ndithu. Ambiri zimawathera pakapita masiku." Apa dokotalayo anachepetsa liwiro. "Timene tafa tafa, sitibwerera. Koma toyandikana nato timatha kuphunzira ntchito ya tinzake, tikamaitanidwa tsiku ndi tsiku. Miyezi yoyambirira ino ndiyo yofunika kwambiri. Aziuyang'ana mkonowo, aziugwira, aziyesa kuusuntha. Akangousiya, phewa liuma, zala zipindika, ndipo kudzaziwongola kudzakhala kovuta."

Mwendo unamva msanga. Pofika sabata yachitatu bambo anali kunyumba, akuyenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda kukafika pabalaza, akudandaula kuti tiyi wachepa shuga monga mwa masiku onse. Ankadziwa tsiku, ankadziwa mayina a adzukulu awo onse, ankakumbuka ngakhale mtundu wa nsalu imene anaika pasofa ya munthu zaka khumi zapitazo. Koma za mkono, inu, munthuyo anali gwa ngati chitsa.

"Munthu wagwira ntchito moyo wake wonse, wapuma, ndiye inu mukuti ndizimupinda ngati waya?" ankatero akaona mayi akubwera ndi kampira kofinya. Akakhala pampando ankaufunditsa thawulo mkonowo kuti usazizidwe. Ukagwa n'kulendewera m'mbali, sankadziwa mpaka mayi awauze, ndipo akatero ankaunyamula ndi dzanja lamanja n'kupepesa.

Mayi anayesa nzeru zonse. Tsiku lina anawavula malaya n'kuwaimika pagalasi.

"Khosi ili ndi la ndani?"

"Langa."

"Phewali?"

"Langa."

Mayi anatsitsa chala pang'onopang'ono. "Nanga chigongono ichi?"

Bambo anachiyang'ana m'galasimo nthawi yaitali. "Cha achimwene."

"Ndiye analumikiza ndani, bambo inu? Ulusi wake uli pati?"

"Kafunseni achipatala. Ine ndinali chikomokere."

Akanakhala wina akanaseka. Mayi analowa m'bafa, n'kutsegula mpopi kuti madzi azisokosa, n'kulira.

Tinene zoona, alamu awowo mayi sankawakonda, ndipo nawonso sankawakonda mayi. Anali munthu wamtali, wosaseka, amene anakana ukwatiwu pachiyambi ndipo sanasinthe maganizo mpaka imvi. Tsiku la maliro mayi analira monga aliyense, koma pansi pa mtima anamva kupepukidwa, ndipo anachita nazo manyazi. Tsopano taonani, m'mawa uliwonse anali kusambitsa dzanja lija, kulipukuta pakati pa zala, kulidzoza mafuta. Ankadziwa kuti ndi la amuna awo. Ankadziuza choncho mokweza. Koma munthu ukamva chinthu chimodzi kakhumi patsiku kuchokera kwa amene wagona naye chipinda chimodzi zaka makumi atatu, chimayamba kukulowa. Masana ena atagona pang'ono chifukwa cha kutentha, bambo anatembenuka, mkono uja n'kugwera pantchafu ya mayi, wozizira, wolemera. Mayi anadzambatuka n'kukaima pakhomo. Kuyambira tsiku limenelo anazindikira kuti akumavalira kuseri kwa chitseko.

Pa sabata yachisanu ndi chimodzi dokotala wa mafizo anagwira dzanjalo n'kuyesa kulitambasula. Zala zinatsegukira theka n'kukana. Anayesa kukweza mkono, phewa linaima panjira. Sanathamange polankhula tsiku limenelo.

"Tikuchedwa, mayi. Ine ndimawaona kawiri pa sabata. Kuupinda ine kapena inu kumathandiza kuti usaume, koma kuti udzuke, woitana ayenera kukhala mwini wake."

Atafika kunyumba mayi anapsa mtima, kupsa mtima kwa munthu wamantha. Anachotsa thawulo lija n'kuliponya pansi. Ananyamula mkonowo n'kuugwedeza pamaso pa amuna awo.

"Ndi wanu uwu. Ndinakwatiwa nawo ine mkono umenewu. Unanyamula ana anga. Alamu anafa, bambo, anaola, mulibe kanthu kawo m'nyumba muno."

Anausiya, ndipo unagwa n'kumenya mkono wa mpando. Bambo anautola mosamala, n'kuufungatira pachifuwa ngati khanda, misozi ili chuchuchu.

"Ali moyo munkawada," anatero motsitsa mawu. "Ndi pano pomwe mukuwamenya?"

Mayi anatuluka osadziwa kumene akupita, ndipo miyendo inawafikitsa kuseri kwa nyumba, kushedi. Chigwere bambo munali musanalowe munthu. Munkanunkha guluu ndi fumbi la siponji. Hamala inali pansi pomwe inagwera, timisomali tili mbwee. Pakati panali mpando umene bambo ankakonza tsiku lija, nsalu yobiriwira yokhomedwa mbali imodzi, mbali inayo ikulendewera. Mayi anaima pamenepo nthawi yaitali. Zimene anaganiza sanazikonde ngakhale pang'ono, koma zala zinali kupindika ndipo masiku anali kutha.

M'mawa mwake anawatsogolera bambo kushediko, n'kuwakhazika pa kabenchi kawo. Anawapatsa hamala kudzanja lamanja. Kenako ananyamula dzanja lamanzere ndi manja awiri, mwaulemu, n'kuliika pansalu yolendewera ija. Analankhula, osati kwa amuna awo, koma kwa dzanjalo.

"Alamu, pepani kuti takudzutsani. Mpando uwu ndi wa eni ake, ndipo ang'ono anu sangathe okha. Tagwirani nsaluyi."

Bambo anawayang'ana akazi awo ngati akuwaona koyamba.

"Sayamba choncho," anatero. "Amadikira ndiwauze ine. Ndimati kokani, iwo akakoka amati khoma."

"Auzeni."

Bambo anatembenuza mutu chakumanzere, chinthu chimene chigwere sankachita popanda kuuzidwa. Anayang'anitsitsa dzanjalo, nsidze zitakumana, mitsempha ya m'khosi itatuluka.

"Kokani, achimwene."

Palibe chinachitika. Ananenanso, n'kunenanso, thukuta likutsika m'masaya. Mayi anali atagwira dzanjalo pamwamba kuti lisagwe, ndipo anali pafupi kunena kuti basi tiyeni tikapume. Pamenepo anamva kanthu pansi pa chikhatho chawo. Chala chachikulu chija, cha chikhadabo chakuda, chinakanikiza nsalu. Kanali kakang'ono zedi, nsaluyo inangochita kakhwinya kamodzi. Tsitsi la mayi linaima. Ankafuna kusangalala, ndipo anasangalaladi, koma ankafunanso kuchotsa dzanja lawo n'kuthawa.

"Khoma," anatero bambo, ndi mawu aakulu, okhuthala, amene sanali awo. Kenako anakhoma.

Kuyambira pamenepo ankapita kushedi m'mawa uliwonse ndi masana aliwonse. Mayi ankaika dzanja pansalu, n'kulipatsa ulemu wake, bambo n'kuitana. Sabata yoyamba chinali chala chimodzi. Yachitatu, zala ziwiri zinayamba kutsina nsalu. Msomali umodzi unkatenga nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi kapu yonse, ndipo yambiri inkalowa mokhota, koma bambo sankatopa. Ankacheza ndi dzanjalo za makasitomala akale, ankalidzudzula likachita ulesi, ankaseka nthabwala zimene mayi sankazimva.

Dokotala wa mafizo anachita kuimirira ataona zala zikutseguka zokha. Anafunsa kuti akuchita chiyani kunyumba, ndipo mayi anangoti akumapita kushedi.

"Pitirizani zomwezo. Ntchito imene munthu anaizolowera imadzutsa zambiri. Chachikulu n'choti aziuyang'ana ndi kuutuma, kambirimbiri, kuti timaselo tija tipange njira yatsopano." Analemba m'kabuku kake akumwetulira. "Nanga akuvomera tsopano kuti ndi wawo?"

"Pang'onopang'ono," anatero mayi, maso ali pansi.

Linali bodza. Mawu akuti mkono ndi wanu anali atasiya kuwatchula m'nyumbamo, poopa kuti akangowatchula zala zisiya kumva. Ankadziuza kuti dzanja likalimba adzawauza bwinobwino. Tsiku loti awauze linkasunthira kutsogolo, ndipo iwo eni anadzipeza akunena kuti alamu asamba, alamu atopa, osaganiza n'komwe.

Mwezi wachinayi uli kumapeto, m'mawa wina wa dzuwa, mayi anaika dzanja pansalu monga mwa nthawi zonse. Bambo anaitana, zala zinatseka, nsalu inathina kuchokera kumsomali womaliza mpaka pakona. Mayi anachotsa manja awo pang'onopang'ono. Dzanja linakhala pomwepo, likunjenjemera koma litagwira, ndipo hamala inatsika katatu, msomali n'kulowa wowongoka. Mayi anaphimba pakamwa. Ichi ndicho ankapempherera miyezi yonseyi, ndipo chinali patsogolo pawo.

Bambo anaika hamala pansi, n'kutenga ndodo yawo, n'kuimirira. Nkhope yawo inali yowala, yachifundo.

"Mayi, mwatithandiza kwambiri. Ngakhale achimwene akuvomereza." Anayamba kuyenda nawo chakukhomo, sitepe imodzi imodzi. "Koma tsopano mutha kumakhala kunyumba. Paja mukuwadziwa, sagwira bwino ntchito munthu wina akuonerera."

"Bambo, ndine. Ndine amene ndakhala ndikugwira dzanjali tsiku lililonse."

"Tikudziwa. Tikafuna tiyi tikuitanani."

Mayi anapezeka ali panja, dzuwa likuwathobwa m'maso. Mawu anali pakamwa, aja anawasunga miyezi itatu, ndipo akanatha kuwanena pomwepo. Anayang'ana zala zija, zotseguka, zamoyo, n'kutseka pakamwa. Bambo anali atatsamira ndodo ndi dzanja lamanja, moti limene linakwera pang'onopang'ono, n'kugwira chitseko, n'kuwatsekera mayi panja, linali lamanzere.