Kalata m'Roketi ya Togzhan

Chaka chomwe ndinamaliza sukulu ndinali ndi zinthu ziwiri m'mutu: maroketi ndi mtsikana wina dzina lake Togzhan. Mayeso olowera ku yunivesite ankabwera pambuyo, patali ndithu, ngati galu wotopa.

Kalabu yathu ya maroketi inali m'chipinda chapansi, kuseri kwa njanji, kwathu ku Kyzylorda. Munkanunkha guluu ndi tiyi wozizira. Maroketi athu sanali akuluakulu ayi, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, opepuka moti ukayetsemula amagubuduka patebulo. Kumbuyo timaika kainjini konga chala chaching'ono. Roketi ikafika pamwamba, kainjiniko kamalavula moto pang'ono chakutsogolo, n'kukankha parachuti kuti ituluke. Pakati pa motowo ndi parachuti pamakhala thonje loviikidwa m'mankhwala kuti lisapse. Aphunzitsi athu, Rakhym-agai, omwe mwaulemu wa kwathu tinkangowatcha agai, ankatipimitsa thonjelo ndi chala: mfundo ziwiri, osachepera.

Togzhan ankatiposa tonse. Parachuti zake ankadula yekha papulasitiki yopyapyala ngati khoko la anyezi, n'kuzipaka pauda mbali zonse kuti zisamatane. Akamapinda ankaluma mlomo wam'munsi, ndipo ine ndinkaiwala kuti m'manja mwanga muli mpeni. Kawiri konse ndinamata zipsepse za roketi yanga mokhota chifukwa cha mlomo umenewo.

"Meirzhan, iwe ukupanga roketi kapena nthochi?" ankandifunsa agai, kalabu yonse n'kufa nako kuseka.

Mpikisano wa chigawo chathu unachitika mu Meyi, pachidikha, ulendo wa ola limodzi pabasi. Lamulo lake ndi losavuta. Aliyense amaulutsa katatu, ndipo oweruza amawerenga nthawi yomwe roketi yakhala m'mwamba ikulendewera paparachuti, mpaka mphindi zisanu. Wopambana m'modzi yekha ndiye amapita ku mpikisano wa dziko lonse. Kwa Togzhan chinali chaka chomaliza, chifukwa chaka chamawa zaka zikanamuchotsa m'gulu la achinyamata. Anadikira zaka zinayi.

Ine yanga inagwa msanga kawiri konse, ndipo sizinandipweteke. Ndinabwerera zina. M'thumba la malaya ndinali ndi kalata.

Ndinailemba mlungu wathunthu papepala lopyapyala, zilembo zing'onozing'ono, mbali zonse ziwiri. Kumuuza pakamwa ndinali nditalephera kasanu. Ndiye ndinaganiza chinthu chomwe ndinkachiona chokongola kuposa zonse zomwe munthu anaganizapo: kalatayo ikwere kaye kumwamba, itsike ndi parachuti yake, iye akaipeze yekha kutali m'maudzu akukatola roketi. Ndinkamuona m'maganizo ataima pakati pa maluwa ofiira, mphepo ikumuseweretsa tsitsi, akuwerenga. Ndikanatha kudikira tsiku lina lophunzira chabe. Koma ndinamva kuti mu Juni akupita kwa azakhali ake ku Almaty, ndipo mtima unandiuza kuti lero ndi lero.

Maulendo awiri oyamba Togzhan anakwanitsa mphindi zisanu, zisanu. Mnyamata wina wa ku Aral, wamtali, dzina lake Kuanysh, anali pambuyo pake ndi masekondi makumi anayi. Kunatsala ulendo umodzi. Togzhan anapinda parachuti, anaika thonje, anatseka mutu wa roketi. Pomwepo oweruza anamuitana kukasaina pepala.

"Meirzhan, undigwirire," anatero akundipatsa. "Usaipumire. Usaiyang'anenso kwambiri, ingakhote."

"Ndiigwira ngati mwana."

"Mwana ayi. Ngati roketi."

Atangotembenuka ndinakhala kuseri kwa basi. Ndinavula mutu, ndinasolola parachuti osaifunyulula, ndinakulunga kalata n'kuilowetsa. Pobwezera parachuti, mutu unakana kutseka. Ndinayesanso. Unakana. Ndinamva mawu ake akubwera, akuseka ndi munthu wina. Pamenepo ndikanangochotsa kalata. Sindinatero. Ndinatsina thonje lija, ndinazula theka, ndinalibisa m'thumba la buluku, ndipo mutu unatseka bwinobwino.

Ndinkadziwa. Ichi ndicho sinditha kuchizemba ngakhale ndichitembenuze chotani. Ndinakhala zaka zitatu m'kalabu ija, ndinkadziwa kuti pepala wamba limayaka. Ndinangodziuza kuti mwina kamodzi kokha sizichitika.

Togzhan anaika roketi pandodo yachitsulo, n'kuima ndi batani m'manja, maso ali pa kansalu kopepuka komwe timamanga pamtengo wautali kuti tione mpweya wofunda, wonyamula parachuti, ukamakwera. Anadikira. Ena onse anaulutsa. Agai anayamba kukukuta mano.

"Mwana wanga, nthawi ikutha."

"Dikirani, agai. Mpweya ukubwera."

Kansalu kanagwa, kenako kanadzuka pang'onopang'ono n'kuloza kumwamba. Anakweza dzanja, woweruza anawerenga chobwerera, ndipo roketi inachoka ndi kaphokoso kake konga nsalu ikung'ambika. Inakwera mowongoka, yokongola, mpaka inasanduka kadontho. Panaoneka kautsi koyera. Tonse tinadikira kuti duwa lasiliva litseguke.

Silinatseguke. Chinatuluka chinali chinthu chofota, chopiringizana, chikuzungulira ngati mbalame yolasidwa. Chinagwa pafupi, mwina mapazi mazana awiri.

"Masekondi makumi awiri ndi anayi," anatero woweruza, osakweza mawu.

Tinapita atatu: Togzhan, agai ndi ine. Parachuti inali itasungunuka n'kumatana kukhala kampira kakuda. Togzhan anagwedeza thupi la roketi pachikhatho chake, ndipo munagwa phulusa. Kalata yanga yonse, mlungu wathunthu, inali kaphulusa kaja. Mphepo inakatenga asanakayang'anitsitse.

Agai analowetsa chala, anatulutsa thonje lotsalalo, analiyang'ana nthawi yaitali.

"Togzhan. Ichi n'chiyani?"

"Ndinaika mfundo ziwiri, agai."

"Iyi ndi imodzi. Mwina chala changa chakula lero?"

"Ndinaika ziwiri."

"Zaka zinayi! Kamwana koyamba dzulo kangalakwitse chonchi, koma iwe? Mutu unali kuti? Ku Almaty kale?"

Togzhan anayang'ana thonjelo. Ndinamuona akubwerera m'mbuyo m'maganizo mwake, akufufuza pomwe manja ake anamunamiza. Ndinaona nthawi yomwe anayamba kukhulupirira. Nkhope yake inangoti zii. Ine ndinaima pambali pake, dzanja lili m'thumba, nditafumbata thonje lija, ndipo ndinati, ndi pakamwa panga pomwepa, "Zimachitika, Togzhan."

Kuanysh anapambana. Anabwera kudzamugwira chanza, wamanyazi, akunena kuti mpweya womwe anasankha unali wabwino kuposa wa tsiku lonse. Amayi ena anayala nsalu paudzu, anatulutsa baursak, timandasi takwathu, ndi tiyi wamkaka. Togzhan analandira kapu n'kuigwira osamwa.

Palibe akanadziwa. Umboni unali utauluka. Ndinadziuza zimenezi tikulongedza, ndinadziuzanso tikukwera basi. Ndinaganizanso, Mulungu andikhululukire, kuti popeza ali wachisoni mwina ndikhale naye pafupi ndimutonthoze, ndipo mwina chikondi chiyambira pomwepo.

Ndinakhaladi naye pafupi. Basi itayenda pang'ono anatsegula bokosi lake, anatulutsa thumba la thonje, anayamba kupima ndi chala. Mfundo ziwiri. Anabwezera. Anapimanso. Mfundo ziwiri.

"Sindikumvetsa," anatero motsitsa. "Ndikukumbuka ndikuika. Ngati ndingaiwale ichi, ndiye kuti zina zonse ndimangochita mwamwayi."

Sindinapirire. Ndinatulutsa thonje lija, litanyowa ndi thukuta, ndinaliika pabondo pake.

Analiyang'ana. Anandiyang'ana.

"Ndi lako," ndinatero. "Ndinachotsa ndine. Mutu sunkatseka."

"Sunkatseka chifukwa chiyani?"

"Ndinaikamo kalata."

"Kalata."

"Yako. Yoti ukaipeze ukamakatola."

Tinadutsa ngamila zingapo m'mbali mwa msewu. Kenako Togzhan anaimirira, basi ikugwedezeka, n'kuitana kutsogolo.

"Agai! Bwerani mudzamve. Nena, Meirzhan. Mokweza. Monga momwe anandikalipirira mokweza."

Ndinanena. Basi yonse inamva, mpaka woyendetsa anatsitsa wailesi. Wina kumbuyo anayamba kuseka koma anasiyira panjira. Agai sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anavula chipewa, anatembenukira kwa Togzhan.

"Ndakulakwira, mwana wanga. Ukhululukire nkhalamba."

"Zotsatira zingasinthe, agai?" ndinafunsa. "Ndikapita ndekha kwa oweruza, ndikawafotokozera..."

"Oweruza amawerenga masekondi," anatero. "Sawerenga makalata." Anabwerera pampando wake.

Togzhan anakhala pansi. Anatola thonje lija n'kuliika m'thumba limodzi ndi linzake, n'kutseka bokosi.

"Sukufuna kudziwa zomwe ndinalemba?" Mpaka lero ndimachita manyazi kuti ndinafunsa.

"Ndikudziwa zomwe unalemba. Kalabu yonse ikudziwa kuyambira chaka chatha." Mawu ake sanali aukali, anali otopa. "Ukanangondiuza pakamwa, Meirzhan. Ndikanakukana bwinobwino, mwaulemu, ukanalira masiku awiri, ine n'kupita ku mpikisano."

Kenako anandipempha ndimupatse njira. Ndinapinda miyendo, anadutsa ndi bokosi lake, anakakhala kutsogolo pafupi ndi agai. Kunali kutatsala mphindi makumi anayi kuti tifike mumzinda, ndipo mpando wa pambali panga palibe anabwera kudzakhalapo.