Chimene Chinatseka Paipi

Dailes anabwera ku Chipoka chaka chimene boma linasintha, sukulu zapulayimale zitangoyamba kukhala zaulere. Atsibweni ake, a Henry, anali mphunzitsi kumeneko, ndipo anakamutenga kumudzi kuti adzabwereze Sitandade 8 iwo akumuyang'anira. Nyumba yawo inali yaboma, yamalata, yokhala ndi chimbudzi chogejemula mkati momwemo, chipinda chimodzi ndi bafa.

Tsiku loyamba akazi awo, a Phyllis, amene Dailes ankawatchula kuti azakhali, anamulowetsa m'kachipindako.

"Ukatha ukoka apa. Koma muno musalowe chitsononkho kapena masamba, wamva? Pepala lokha."

Dailes anavomera ndi mutu. Sanali mwana wa mawu ambiri.

Panali chinthu chimodzi chimene azakhaliwo sanatchule, ndipo iye sakanayerekeza kufunsa. Atatha msinkhu kumudzi, anamkungwi anamulangiza kuti nyanda, kansalu kamene mkazi amavala akakhala kumwezi, mwamuna asadzaione. Kaya ndi bambo ako, kaya ndi tsibweni wako. Ikatha ntchito uziiponya m'dzenje lachimbudzi, poti wanjiru akaitola angakutseke mimba moyo wako wonse. Kumudzi zimenezi zinali zosavuta. Koma kuno dzenje kunalibe, ndipo iye ankagona pabalaza pomwe aliyense amadutsa.

Ndiye m'mawa wina ali m'bafa, akuchapa nyanda yake mobisa, atsibweni anagogoda.

"Muli ndani umo? Belu lilira ine ndili pano!"

Mtima unamuchoka. Anayang'ana uku ndi uku: pawindo ayi, m'thumba la yunifomu idontha. Anaiponya m'chimbudzi n'kukoka. Madzi anazungulira, nyanda ija inamezedwa, iye n'kupumira m'mwamba.

Pofika madzulo chimbudzi chinali chitayamba mwano. Munthu akagejemula, madzi m'malo motsika ankakwera mpaka m'milomo, n'kuima pamenepo ngati akuganiza, kenako n'kumaphwa pang'onopang'ono uku akulira kuti gudugudu.

"Taonani, mayi," anatero a Henry kwa akazi awo. "Matipate imeneyi. Ngakhale chimbudzi chaphunzira kunyanyala ntchito."

"Kanenenitu kwa okonza nyumba zaboma."

"Amenewo adzabwera ine nditapuma ntchito. Ndithana nacho ndekha."

Anapinda malaya. Dailes anaitanidwa kuti azinyamula ndowa, ndipo anaima pakhomo. Atsibweni anavundukula kathanki kapamwamba. Madzi anali odzaza bwino, mpira woyandama uli m'malo mwake.

"Kumwamba kuno kulibe mlandu," anatero ngati ali m'kalasi. Anatsegula mpopi wa m'bafa, madzi n'kumatsika bwinobwino. "Waona? Thanki yaikulu ya zonyansa yakuseri ikanakhala kuti yadzaza, nawonso awa akanabwerera. Ndiye kuti pali chinthu chakhala m'paipi ya chimbudzi chokha. Chinthu chimene wina waponyamo."

Sanayang'ane munthu ponena mawuwo, koma Dailes anamva nkhope yonse ikutentha.

Anakulunga mopu ndi jumbo, n'kumakankha pakamwa pa chimbudzicho, kukankha, kukoka, kukankha, kukoka, mpaka thukuta kamukamu. Anathira ndowa yamadzi ofunda asopo kuchokera m'mwamba. Madzi anatsika pang'ono, n'kubwereranso.

"Chakana. Si pepala ichi, pepala likanasungunuka. Mawa ndikaweruka ndikabwereka waya wautali kwa a Sidiki oyandikana nafewa, nditsegule kadzenje kasimenti kakuseri kaja. Ndichikoka ndi dzanja langali, tichione tonse."

Tichione tonse. Dailes sanamve kukoma kwa usipa tsiku limenelo. Nyandayo anaing'amba ku chitenje chobiriwira cha maluwa oyera, chimene atsibweni omwewo anagulira amayi ake zaka zapitazo. Sakanachiiwala ayi. Ankawaona m'maganizo ataimika waya m'mwamba, kansalu kakudontha kunsonga, a Sidiki akusuzumira pampanda.

M'mawa mwake anapita kusukulu ngati masiku onse, koma pa nthawi yopuma anazemba. Anadutsa njira yam'mbali mwa njanji, mchenga ukumuwotcha m'mapazi, n'kupeza nyumba yotseka. Azakhali anali atapita kukagula nsomba kudoko. Anamasula waya woyanikapo zovala, anapinda kunsonga ngati mbedza, n'kupita kuseri.

Chivundikiro chasimenti chinali cholemera. Anachitekenya ndi mpini wa khasu mpaka chinasuntha. Fungo linamumenya kumaso, mphemvu zili balalabalala. Pansi pa kadzenjeko panali kangalande kouma, paipi ina yochokera kunyumba, ina yopita kuthanki yaikulu. Anagwada, n'kulowetsa waya m'paipi yochokera kunyumba. Waya unayenda, unayenda, kenako unagunda chinthu chofewa. Anapotoza, anakoka. Unabwera wokha. Anayesanso. Misozi inayamba kusakanikirana ndi thukuta.

"Iwe Dailes! Sukulu yasamukira kuchimbudzi?"

Anali azakhali, jumbo ya utaka ili m'manja. Dailes anakhalabe chigwadire. Anangoweramitsa mutu.

A Phyllis anayang'ana wayawo ndi kadzenje kovundukulako. Kenako anaika nsomba pawindo, n'kunjuta pambali pake.

"Dzana unandipempha kuti ndithire mchere m'ndiwo ndine. Dzulonso chimodzimodzi. Ukuganiza kuti ine ndinabadwira m'tauni? Nanenso anandilangiza kuti uli kumwezi suthira mchere." Anatsitsa mawu. "Ndi nyanda?"

Dailes anagwedeza mutu, osadzutsa maso.

"Mayo ine. Bwanji osandiuza?"

"Ndimaopa, azakhali. Atsibweni anagogoda, ndiye ine... Chonde asaione. Akaiona ine ndibwerera kumudzi."

"Ubwerera kumudzi chifukwa cha kansanza? Khala chete. Patse wayawo."

Anamanga chitenje mwamphamvu, analowetsa waya, n'kumaupotoza modekha, osati mwaphuma ngati mmene ankachitira Dailes.

"Ndachikola, koma chagwira pokhota. Kuchikoka chouma sichibwera. Tenga fosholo, utseke paipi iyi yopita kuthanki. Chikatipulumuka n'kukatsekanso kutsogoloko, ndiye tidzaitana mudzi wonse. Ine ndikathira madzi mkatimo. Ugwire waya ndi dzanja linalo, ukamva madzi akubwera ukoke pang'onopang'ono."

Analowa m'nyumba. Ndowa yoyamba sinachite kanthu. Pa yachiwiri paipi inatsokomola. Dailes anakoka, waya unalemera, ndipo mwadzidzidzi madzi akuda anakhuthuka n'kudzaza kadzenje kaja, kumuthimbiritsa yunifomu mpaka pachifuwa. Kunsonga kwa waya kunali kansalu kobiriwira, kopotanapotana.

"Yatuluka!" anafuula, koyamba kukweza mawu m'nyumba imeneyo.

Nthawi yomweyo anamva belu lanjinga kumaso kwa nyumba.

"Mayi! Ndapeza waya uja. Ana ndawasiyira ntchito, ndati ndithane nazo dzuwa lisanakule."

A Henry anatulukira pangodya, waya wokulungiza uli paphewa. A Phyllis anali atawatsogolera ndi mapazi awiri okha. Anatola beseni lochapira, analivundikira pa nyanda ija, n'kupondapo phazi.

"Mwachedwa, aphunzitsi. Amayi athana nazo."

"Ah! Ndiye chinali chiyani?"

"Chinali chimene chinali."

"Tandionetsani, ndidziwe choletsa."

"Abambo," anatero a Phyllis, osamwetulira, "kayeseni kugejemula."

Dailes anali chigwadire, maso ali pamchenga. Ndipo pamenepo anaona: kansonga ka nsalu kanatsalira kunja kwa beseni, kaduwa koyera kakuonekera bwinobwino. Anaona nsapato za atsibweni zitaima pafupi. Zinakhala pamenepo kanthawi. Kenako zinatembenuka, n'kuloza kumtengo wamango.

"Mangowa chaka chino achedwa kupsa," anatero a Henry. Anakhosomola. "Dailes, ukasambe. Kusukulu ndikanena kuti ndinakutuma ndine."

Analowa m'nyumba. Posakhalitsa kunamveka madzi akutsika ndi liwu lake lakale, kathanki n'kuyamba kudzaza.

"Aona," ananong'ona Dailes.

"Aona mango," anayankha azakhali. "Dzuka, tikaitenthe."

Anaitentha kuseri kwa khitchini atathira parafini pang'ono, phulusa lake n'kulikwirira. Azakhali anamupatsa chitini chokhala ndi chivundikiro, n'kumuonetsa chingwe choyanikapo nyanda chimene chinali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda chosungira katundu, komwe mwamuna sankalowako. Koma sabata yonseyo Dailes sanathe kuwayang'ana atsibweni ake. Akamawapatsa madzi osamba m'manja ankagwada chammbali, maso ali kukhoma, ndipo iwonso ankangoti zikomo, osaonjezera nthabwala monga ankachitira.

Loweruka anadzidzimuka ndi phokoso la migolo. Atasuzumira pawindo anaona atsibweni ndi a Sidiki akukumba kumapeto kwa mpanda, migolo iwiri yobooledwa pansi ili pambali, poti mchenga wa ku Chipoka ukaukumba wopanda mgolo umakugumukira.

"Aphunzitsi, inu muli ndi chogejemula cha azungu," ankaseka a Sidiki. "Dzenje mukulifuniranji? Mwatsika udindo?"

"Madzi akumathathatha masiku ano, achimwene. Nyumba imafunika dzenje."

Dailes ankadziwa kuti chibwerere iye ku Chipoka, mpopi wa m'nyumbamo unali usanaumepo. Anachoka pawindo, n'kukaima kukhitchini nkhope ikumutenthabe. Patapita nthawi anatunga madzi akumwa m'jagi, napita nawo kumene ankakumbako. Anagwada, n'kupereka kapu ndi manja awiri. Atsibweni analandira akuyang'ana m'dzenje, iye akuyang'ana mgolo.