Miyendo ya Hamida

Kriketi tinabwera nayo kuchokera ku Malawi, pamodzi ndi mapoto ndi ana obadwira mu kampu ya othawa nkhondo. Malamulo ake tinatolako theka, enawo tinapanga tokha. Chaka chilichonse mpunga ukalowa m'nyumba, azimayi a ku Chiuta amabwera pa njinga kudzasewera nafe ku Entre Lagos, kuseri kwa siteshoni. Iwo amamenya bola ndi nkhafi yodula, ife ndi thabwa. Zonyozana zimayamba asanatsike n'komwe pa njinga.

Ine Alzira ndinali wodalirika pomenya, mpaka chaka chimene ndinaponda mina, bomba lokwiriridwa pansi, m'munda wa amayi anga. Mwendo wamanzere unatsala kuchipatala. Tsiku la masewera, a Margarida, mkulu wa timu yathu, sanapsatire.

"Achemwali, kumenya mumamenya. Nanga kuthamanga?"

Anandikhazika pamthunzi kuti ndiziwerenga zigoli. Ndinamva mtima kuwawa kuposa tsiku la mina. Ndinadziwa kuti ndikangokhala pansi chaka chimenecho, sadzandiitananso.

Hamida, mkulu wa a ku Chiuta, ndi mayi wouma ngati usipa, ndipo sitinkamwerana madzi. Zaka zitatu ndinkamukwapulira bola lake mpaka ku njanji. Atayang'ana mzere wathu anafunsa, "Alzira ali kuti?"

Anamulozera pamthunzi.

"Ndiye ndapalasa mtunda wonsewu kudzagonjetsa ana? Mudzutseni."

"Sangathamange," anatero a Margarida.

"Amenye basi. Miyendo ndimubwereka ine."

Anzake anakuwa kuti wapenga. Iye anangopereka bola kwa mng'ono wake, n'kumanga chitenje m'chiuno, n'kudzaima pambali panga. Ine anandiikira mtondo kuti nditsamire.

Bola loyamba ndinaphonya. Lachiwiri ndinalikwapula, phaa! Hamida uyo, liwiro la mtondo wadooka. A ku Chiuta ankafuula, "Pang'onopang'ono, iwe! Ukuthamangira adani!" Sanawamvere. Ndinkayembekeza kuti pena achita dala kuchedwa, poti mtima wanga ine ukanatero. Ayi ndithu. Kamodzi anadzigwetsa chafufumimba pa fumbi kuti asanditulutse m'masewera, chigongono n'kusupuka.

Tinapambana ndi zigoli zitatu, ndipo zigoli makumi awiri ndi zinayi zinali za manja anga ndi miyendo yake.

Ndinamupeza atagona chagada akupumira m'mwamba, anzake atamukwiyira osamupatsa ngakhale madzi. Ndinakhala pansi pambali pake n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. Ndinafuna kunena zikomo, koma kunabwera misozi, ine amene sindinalire ngakhale kuchipatala.

"Usandinyowetse," anatero. "Ndine mayi wa ana asanu ndi mmodzi, wamva? Chaka chamawa mudzabwere inu ku Chiuta, ndipo uzikamenya mondimvera chisoni."

"Chaka chamawa?"

"Nanga ukuganiza kuti ndikathamangira ndani?"