Buku Limene Agogo Analephera Kubisa

Agogo a Valliyammai analiona bukulo m'mawa, akubwera ndi mbale ya maluwa. Linali pamwamba penipeni pa mulu wa mabuku, patsogolo pa chithunzi cha Saraswati, mulungu wa maphunziro, ndipo pachikuto pake panali kale dontho lofiira la mdalitso. 

Mwambo wake ngwodziwika. Kamodzi pachaka mabuku a m'nyumba amaikidwa pamenepo, ndipo buku likangoikidwa silikhudzidwanso mpaka m'mawa mwake. Kukacha, aliyense amatenga lake n'kuwerenga pang'ono mokweza pamaso pa akuluakulu. Musayese kuchotsapo buku nthawi isanakwane. Ana a m'nyumbamo nzeru zingawathawe, ndipo amene anayesapo akudziwa.

"Kayal! Tabwera kuno iwe. Waika ichi ndani?"

Mpongozi wawo anatuluka m'khitchini akupukuta m'manja. "Ndi Oviya, Amayi. Ndinamuuza kuti asankhe buku lake limodzi."

"Mabuku onse aja, la njovu, la sitima, wasankha ili? Ndiye iwe unangoyang'ana?"

"Ndilo amalikonda. Ndikanati chiyani?"

"Ukanati iyayi! Mawa akubwera alamu anga a Rasathi. Waiwala kapena?"

Kayal anangokonza duwa limene linapendekeka.

Nkhani yake inali yotere. Kayal ndi mwamuna wake Ilango anakhala zaka khumi ndi chimodzi opanda mwana. Kenako ku chipatala china ku Chennai anawauza za banja limene linathandizidwa kubereka, n'kutsala ndi mluza umodzi wosungidwa m'chisanu choopsa. Banjalo linaupereka, madokotala anauika m'mimba mwa Kayal, ndipo anabadwa Oviya. Odziwa zimenezi anali atatu okha, awiriwo ndi a Valliyammai, mpaka Kayal atabwera ndi kabuku ka zithunzi, ka kambewu kogona m'chisanu kudikira mayi woti akafunditse. Ankamuwerengera mwanayo tsiku ndi tsiku, ati kuti akule akudziwa, zisadzamugwere ngati mphezi ali wamkulu.

A Valliyammai sanapiteko kusukulu, koma zithunzi ankazimva bwino. Kambirimbiri anafuna kulitaya bukulo, koma buku silitayidwa kudzala, silitenthedwa, ngakhale kuliponda sikuloledwa. Analibisapo m'nkhokwe ya mpunga, Oviya analipeza. Analibisa pansi pa nsalu zawo, analipezanso, n'kuwauza kuti, "Agogo, buku langa limakukondani."

Si kuti ankamuda mwanayo, ayi. Iwo anaona ndi maso awo zimene zinamuchitikira mtsikana wina kumudzi, amene msuweni wawo anamutenga ku nyumba ya ana amasiye. Tsiku lopembedza mulungu wa banja, mtsikanayo ankamuimika kunja kwa mpanda wa kachisi, tsamba lake la nthochi lodyerapo n'kuliika kumapeto. Amene ankanena woti alowe ndi woti atsale anali a Rasathi omwewa, mlongo wake wamkulu wa malemu mwamuna wawo. Ndipo chaka chino Oviya anayenera kukalowa m'kachisimo koyamba.

Tsiku lonselo anangozungulira muluwo ngati mphaka. Masana anamukokera Oviya pambali.

"Mawa ukatsegula buku, ungoti kambewu kanagona, basi utseke. Wamva?"

"Koma sikathera pamenepo, Agogo."

"Ukanena zambiri lilime litupa."

Oviya anatulutsa lilime n'kuliyang'ana ndi maso opingasa. Mudziwe kuti mwana wa zaka zinayi alibe chitseko pakamwa.

A Rasathi anafika m'mawa mwake pa njinga yamoto ya mdzukulu wawo, amene anangowatsitsa n'kupitirira. Analowa akudandaula za fumbi la mu Madurai.

"Valli, wanenepatu. Mpongoziyu akukudyetsa chiyani chimene ife sitikuchiona?"

"Ndi matenda awa, Alamu, si kunenepa."

"Iwe matenda unayamba kudwala tsiku la ukwati wako."

Anawayalira mkeka. Ilango anayatsa nyali, anatenga buku lake la za magetsi n'kuwerenga mizere iwiri. Kayal anawerenga lake. Kenako a Rasathi anaika pamwendo mbale ya mpunga wothira chikasu, umene wamkulu amawaza pamutu pa mwana akamaliza kuwerenga.

"Bwera, kamwana iwe. Tione ngati mutuwo si wamakutu okha."

Oviya anakhala pansi, anapinda miyendo, natsegula buku. Sankadziwa chilembo n'chimodzi chomwe, koma mawu onse anali m'mutu. Anayendetsa chala monga amachitira mayi ake.

"Panali kambewu kakang'ono kuposa njere ya mpiru. Amene anakapanga anali ndi ana okwana kale. Anati, tikapereke kwa mayi amene akulira mwana. Kanagona m'chisanu zaka zitatu."

A Valliyammai anatsokomola mwadala. Mwanayo sanatembenuke n'komwe.

"Ndiye adokotala anakaika m'mimba mwa mayiyo, muja mofunda, kanadzuka." Anatembenuza tsamba, naloza. "Kambewuko ndi ine. Awa ndi Amayi. Awa ndi Ababa, koma pano anawajambula ndi tsitsi lambiri."

Ilango anaseka yekha, kenako anasiya.

A Rasathi anali atatapa kale mpunga, koma dzanja linaima m'malere. Anayang'ana Kayal, anayang'ana Ilango, maso n'kudzathera pa a Valliyammai.

"Valli, ndi nthano ya m'buku imeneyi, kapena?"

Khomo lothawira linali lotsegula. Akanangoti inde, ndi nthano, ana a masiku ano amadziika m'nkhani iliyonse, zikanathera pomwepo. Mawuwo anafika mpaka pamilomo. Koma Oviya anali atatembenuka, chala chikadali pa chithunzi.

"Si choncho, Agogo? Ndi ine, eti?"

Nyali inali kuyaka, buku lili chitsegulire pamaso pa Saraswati. Kunama pamalo otero n'koopsa. Koma chimene anachiopa kwambiri a Valliyammai chinali nkhope ya mwanayo, mmene ikanagwera atamva agogo ake akumukana.

"Ndi iwe, mayi wanga," anatero. Mawu anatuluka aang'ono. "Ndi zoona, Alamu."

"Zaka zinayi ukundiyang'ana m'maso osanena?"

"Ndinkakuopani."

"Nanga eni mbewuwo ndi a mtundu uti? Amapembedza kuti?"

"Sitikudziwa, Azakhali," anayankha Ilango. "Sanatiuze, ifenso sitinafunse."

"Simunafunse! Ng'ombe yomwe pogula munthu amafunsa kumene yachokera."

A Rasathi anabweza mpunga uja m'mbale n'kusasa m'manja. Oviya anali ataweramitsa kale mutu, akudikira, maso atatsinzina zolimba.

Zaka makumi anayi a Valliyammai anali asanalandepo kanthu m'manja mwa alamu awo. Anadzuka mawondo akulira, anatenga mbaleyo pamwendo pa a Rasathi, natapa mpunga wodzaza dzanja. Anauwaza pamutu pa mwanayo, wina n'kugwera m'khosi.

"Ukule ndi nzeru," anatero. "Ndipo usamathamange ndi pensulo m'kamwa."

Oviya anaseka, akudzikanda m'khosi.

A Rasathi anadya nyemba za tchana ndi phala lotsekemera, poti chakudya cha pa mwambo sichikanidwa, koma anadya chamumtima. Potuluka anaima pakhomo akuvala nsapato.

"Za kukachisi sindinganene ndekha. Akulu akumudzi ayenera kumva."

"Amva kwa ndani?"

"Ine Lachisanu ndili komweko."

Atapita, Kayal anayamba kuchotsa masamba odyerapo. "Amayi, pepani. Sindinafune kuti zikugwereni inu."

"Khala chete, ndikuganiza."

Anakhala pamkeka nthawi yaitali. Ankawadziwa alamu awo. Nkhani ikafika kumudzi ndi pakamwa pawo, idzafika itamera nyanga, ndipo amene wayamba kumva sasinthanso. Lachisanu linali kutali ndi masiku atatu.

"Ilango, basi ya kumudzi imanyamuka nthawi yanji Lachitatu?"

"Mupita nokha, Amayi? Inu amene mumaopa basi?"

"Ndikuiopabe. Undipezere mpando wa pakati, osati wa pawindo."

Kenako anaitana mdzukulu wawo, namukhazika pamwendo. Anatenga bukulo ndi manja awiri, analikhudzitsa pamphumi, nalitsegula.

"Mwalizondotsa, Agogo!"

"Chabwino, aphunzitsi, likonzeni. Tsopano yamba poyamba, pang'onopang'ono. Ndikufuna ndikawauze akuluakulu aja mmene zilili m'bukumu, osaphonya ngakhale liwu limodzi."

Oviya anaika chala pa tsamba loyamba. "Nenani: panali kambewu."

"Panali kambewu," anatero a Valliyammai. "Ndipo usanyambite chala potembenuza, mapepalawa ali ndi mankhwala."